Mapulopela Awiri a Apongozi Anga

Mwezi wathawu tinamanga chiliza pamanda a apongozi anga aamuna, a Mbewe, chaka chitakwana chimwalirireni. Mmisiri wolemba pamwala anafunsa ngati pali china choti aike pansi pa dzina, mdzukulu wina n'kunena kuti ajambulepo boti. Apongozi aakazi, a Natembo, anakana. Anati odutsa angamayese kuti munthuyo anamira, chonsecho anafera pabedi pake m'chilimwe, kunja fumbi lili koboo. Choncho pamwalapo pali mtanda ndi dzina, basi.

Ku Madzimoyo kuno kulibe madzi oti n'kuyendetsapo boti. Kuli minda ya chimanga, thonje ndi nsawa, timitsinje touma mvula ikangotha, ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka. Koma a Mbewe ntchito yawo yonse anaigwirira pamadzi. Anachoka kuno ali mnyamata kupita ku Malambo, kuchigwa cha Luangwa, kukathandiza makaniko pamishoni ina kumeneko. Mishoniyo inali ndi kachipatala. Mvula ikagwa misewu ya kuchigwa imasanduka matope okhaokha, moti odwala a kutsidya ankawatenga pa boti la injini. Woyendetsa woyamba atakalamba, botilo linatsalira m'manja mwa a Mbewe, ndipo analiyendetsa mpaka mutu wonse unayera.

Ine ndinakwatiwa pakhomopa iwo atapuma kale ntchito. Mpongozi sakhala pafupi ndi apongozi ake aamuna: ndinkabweretsa madzi osamba m'manja, kugwada, kuchoka. Zimene ndikudziwa za iwo zina ndinaziona ndili chapatali, zina ndinachita kumva.

Anali munthu wamfupi, wa mikono ikuluikulu, phewa la kumanzere lotsika pang'ono chifukwa cha zaka zogwira chiwongolero cha injini. Khutu la mbali yomweyo linali logontha. Pokhala ankakhala cham'mbali, ngati kumbuyo kwawo kuli chinthu chimene akuchiyang'anira. Ku tchalitchi benchi lawo linali lomalizira, pafupi ndi khomo. M'minibasi ankalimbirana mpando wakumbuyo, umene aliyense amaukana. Ankati wokhala kutsogolo amangoona kumene akufuna kukafika, pomwe wokhala kumbuyo amaona mmene katundu wakhalira. Lole ikamakwera chitunda cha pamsewu waukulu ankasiya kudya, kutembenuzira khutu labwinolo kumsewu, n'kuuza amene ali pafupi kuti dalaivala uyo wachedwa kusintha giya. Nthawi zina amene anali pafupiwo zinali nkhuku zokha.

Kusambira sankadziwa. Zaka zonsezo pamtsinje wa ng'ona ndi mvuu sanaphunzire, ndipo sankabisa. Maganizo awo anali oti wodziwa kusambira amaupeputsa mtsinje, pamene wosadziwa amayang'ana kawiri asanachoke pagombe. Nsomba sankadya, chifukwa chake sananene. Adzukulu akawaumiriza kuti afotokoze za ng'ona, ankayamba bwino, koma posakhalitsa nkhani inkakhotera ku mapulagi a injini ndi petulo wosakanizika ndi madzi, anawo n'kumachoka mmodzimmodzi. Iwo sankaoneka kuti zikuwakhudza.

Kumunda anali wosadalirika. A Natembo ndi amene anagwira munda zaka zonse amuna awo ali kuchigwa, ndipo amunawo atabwerako sanawapatse ulamuliro. Chaka china a Mbewe anaumirira kulima thonje lawolawo pachigawo chawochawo. Anachedwa kupopera, mbozi zinadya, ndipo thonje limenelo linkatchulidwa pa mkangano uliwonse wa m'nyumbamo mpaka ukalamba. Koma pa ngolo panalibe wowaposa mawu. Matumba a chimanga akapakiridwa iwo kulibe, ankawatsitsitsa onse kuti ayambirenso. Amuna anga, amene ndi mwana wawo woyamba, anakangana nawo kangapo kumunda dzuwa likulowa, ng'ombe zitatopa. A Mbewe sankakweza mawu. Ankangoloza goli: katundu akachulukira kumbuyo, kutsogolo kwa ngolo kumadzuka, goli n'kumazikoka ng'ombe pakhosi. Ankati ngolo yodzutsa mutu ndi boti lodzutsa mutu ndi matenda amodzi, ndipo onse awiri amayambira kwa wopakira.

Ankadananso ndi kudikira mpaka zinthu zithine. Ndili woyembekezera mwana woyamba, analamula kuti ndipite kukakhala kwa abale m'tauni, pafupi ndi chipatala, nthawi isanayandikire n'komwe. A Natembo anati zoterezi si za amuna, ndipo ntchito ya kumunda inali yambiri. M'mawa mwake tinangoona galimoto yaima pabwalo, a Mbewe atakaiitana okha wapansi. Ndinakhala m'tauni mpaka kutopa nako, mwana n'kubadwa bwinobwino popanda vuto lililonse. A Natembo anawakumbutsa zimenezi kwa zaka zambiri. Pa mwana wachiwiri galimoto inabweranso.

Kuchigwa anabwerako ndi bokosi la masipanala ndi mapulopela awiri otha ntchito, amene a mishoni anawalola kutenga. Pulopela ndi chitsulo chija cha mapiko chimene chimazungulira m'madzi kunsi kwa injini n'kumakankha boti. Ina inali ya mapiko atatu, inzake ya mapiko anayi, onse awiri a aluminiyamu, odyeka m'mphepete ndi mchenga. Ankawasunga m'saka pansi pa bedi. A Natembo ankawatcha akazi anzawo. Osula mapoto akafika m'mudzi kufuna aluminiyamu wakale, a Natembo ankayamba kulankhula okha mokweza za mapoto abwino amene angatuluke m'sakamo, ndipo a Mbewe ankanyamula mpando wawo kukakhala pakhomo la kuchipinda mpaka osulawo atachoka. Chaka chino osula aja anabweranso, mwini saka atagona kale kumanda. A Natembo anawauza kuti pakhomo pano palibe chogulitsa.

Eni maboti m'dera lathu ndi ochepa, koma ochepawo ankadziwa kumene a Mbewe amakhala. Zaka zawo zomalizira kunabwera a Mwanza, mwini sitolo ya zitsulo ku Kapata, m'tauni, amene anagula boti loti lizinyamula anthu ndi katundu kuchigwa nthawi ya dzinja. Ndinali kuswa nsawa pakhonde la khitchini, ndiye ndinamva zonse.

"Madala, boti langa likundichititsa manyazi," anatero a Mwanza. "Injini ndi yatsopano, koma woyendetsa akangotsegula mafuta, mphuno ya boti imaloza kumwamba ngati mbuzi yofikira masamba a mtengo. Kutsogolo saona. Liwiro palibe. Ndikufuna pulopela yothamanga kuposa imene ilipoyi."

"Mumakweza anthu angati?"

"Amene apezeka."

"Ndi katundu wawo?"

"Matumba, njinga, makireti a zakumwa. Mukudziwa inu za kuchigwa."

A Mwanza anatulutsa foni kuti awaonetse kanema wa botilo likuyenda. A Mbewe sanayang'ane n'komwe. Anatenga foniyo n'kuiika pakhutu labwino, maso ali pansi.

"Ikubuula," anatero. "Injini yanu ikusenza chimene sichili chake."

Anadzuka kukatenga saka lija okha, n'kuika mapulopela onse awiri pansi, pafumbi, patsogolo pa mlendo.

"Iyi ya mapiko atatu, taonani mmene mapiko ake apendekekera. Ikazungulira kamodzi imaluma madzi ambiri. Boti likakhala lopepuka, muli inu, namwino ndi bokosi la mankhwala, imauluka. Koma mukaliunjikira katundu, zili ngati kukwera phiri la Kanjala pa njinga muli pa giya ya pachidikha. Injini imalephera kufika pa mphamvu yake, kumbuyo kwa boti kumakumba madzi, mphuno n'kudzuka. Mukagula yoluma kuposa pamenepa mwawonjezera matenda."

"Nanga inayo?"

"Iyi imaluma pang'ono koma mofulumira, ndipo phiko lachinayili limanyamula matako a boti. Kumbuyo kukakwera, mphuno imagona yokha, boti n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi m'malo mowalima. Popanda katundu inzakeyi idzakusiyani pang'ono, ndisakunamizeni. Koma ndi katundu wanuyo, mudzafika padooko inzakeyi ikadali pakati pa mtsinje."

A Mwanza anati iwo ankayesa kuti pulopela yothamanga ndi yothamanga basi. A Mbewe anayankha kuti palibe pulopela yothamanga, pali yoyenera katundu wa tsikulo, ndipo munthu wanzeru amayenda ndi ziwiri. Anawachenjezanso kuti asapitirire n'kugula yoluma pang'ono kwambiri, chifukwa injini imakuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo, kumwa petulo pachabe mpaka kudziwononga. Khutu ndilo liwauze: isabuule, isakuwe.

A Mwanza anaitanitsa ya mapiko anayi kuchokera ku Lusaka. Patapita nthawi anaimba foni kuti liwiro labwera ndithu koma mphuno ikudzukabe. A Mbewe anakhala masiku angapo osadya bwino. Kenako woyendetsa wa a Mwanza anapeza yekha kuti injini inali itapendekera kunja kwambiri, chifukwa pini yoimikira inali pabowo lakutali. Ataisunthira mkati, mphuno inagona. A Mwanza atabwera kudzanena zimenezi, a Mbewe anati, "Si ndinakuuzani za pini?" Sanawauze. Ndinalipo. Kuvomera kuti aiwala kanthu kakang'ono sichinali chikhalidwe chawo. A Mwanza, munthu wozolowera makasitomala, anangoti, "Munanenadi, madala," n'kutsitsa paketi ya shuga imene anabwera nayo.

Panali munthu mmodzi amene sankaponda pakhomo pathu: mlongo wawo wamng'ono, a Nambewe, amene anakwatiwa kuchigwa komweko n'kuferedwa mwamuna akadali wachitsikana. Pa ukwati wanga sanabwere. Pa maliro a abale ankapereka moni kwa aliyense, akafika pa a Mbewe n'kulambalala ngati pali chitsa. Chaka chilichonse tikakolola, a Mbewe ankatumiza chimanga kuchigwa, poti kumeneko njala siichedwa. Chimangacho chinkalandiridwa, mawu osabwera. Nditafunsa amuna anga anangoti ndi nkhani ya boti. Nkhaniyo ndinaitola pang'onopang'ono, kwa amuna anga, kwa a Natembo, ndipo pomalizira kwa a Nambewe eniake.

Chinali chaka cha madzi ambiri, amuna anga akadali ku pulayimale. Mudzi wa a Nambewe unali kutsidya, kumtunda kwa mtsinje, pamalo okwera pang'ono amene madzi akasefukira amasanduka chilumba. Masana ena kumishoni kunafika munthu pa bwato lopalasa kudzanena kuti a Daka, amuna awo a Nambewe, alumidwa ndi njoka. Madzi akakwera njoka zimathawira kumene kuli anthu. Iyi inabisala m'nkhokwe.

Pa injini panali pulopela ya mapiko atatu, imene inakhalapo nthawi yaitali chifukwa maulendo a masiku amenewo anali opepuka. A Mbewe ananyamuka okha, boti lopanda kanthu, ndipo linathamanga mmene linkathamangira. Anafika dzuwa litapendeka. Anapeza a Daka atawagoneka pamphasa m'mphepete mwa madzi, mwendo utatupa mpaka m'bondo, koma akulankhula. Anapezanso zimene wa bwato uja sananene. Madzi anali atalowa m'nyumba za kumunsi, chilumba chikucheperachepera. Amuna ambiri a m'mudzimo anali atatsekeredwa kuminda, mbali ina ya madzi. Amayi ndi ana anali ataunjikana pachulu chachikulu, mitolo ili pamutu, ndipo kumtunda kwa mtsinje mitambo inali bii.

Ulendo wachiwiri tsiku limenelo unali wosatheka. Mtsinje wosefukira umanyamula mitengo yathunthu, ndipo kukada suyendeka. A Nambewe anaona maso a mlongo wawo akupita kuchulu kuja.

"Achimwene, tiyeni," anatero. "Mwabwerera mlamu wanu. Awa mudzawatenga mawa."

"Mawa pano padzakhala pali mtunda?"

"Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi mwendo uwu."

A Mbewe anaitana amayi aja kuti asiye mitolo, akweze ana. Boti linadzaza mpaka madzi anayandikira m'mphepete. Pofuna kusataya nthawi, anayesa kunyamuka ndi pulopela imene inalipoyo. Atatsegula mafuta injini inabuula, mphuno inadzuka mpaka kuwatsekereza kutsogolo, madzi n'kuyamba kulowa chakumbuyo, pamene panagona a Daka. Ana anayamba kukuwa. Chipika chachikulu chinadutsa pambali, chikugudubuzika, iwo n'kuchiona chitadutsa kale. Anatembenuza boti kubwerera pagombe.

Pulopela ya mapiko anayi inali pansi pa mpando. Kusintha ndi ntchito yaifupi tsiku labwino. Tsiku limenelo ya mapiko atatu ija inali itamatirira, yosafuna kuchoka. A Mbewe anadzutsa injini, kulowa m'madzi ofika m'chifuwa, munthu wosadziwa kusambira, n'kuyamba kuigogoda ndi chikuni, pang'onopang'ono kuopa kuwononga. A Nambewe anali m'botimo atanyamula mutu wa amuna awo pamiyendo.

"Munthu akufa inu mukusewera ndi zitsulo! Tsitsani anthuwa tizipita!"

Analankhulanso zina zimene palibe amene anandibwerezera zonse. A Mbewe anagogodabe. Mithunzi inatalika ndithu pulopelayo isanachoke.

Atamanga ya mapiko anayi anasuntha anthu, akuluakulu kutsogolo, a Daka pakati. Ulendo uno boti linadzutsa mphuno pang'ono, kenako n'kugona, n'kuyamba kuyenda pamwamba pa madzi. Anazemba zipika zonse chifukwa tsopano ankaziona. Anafika padooko la mishoni chisisira chikugwa, ndipo onse anatsika amoyo. Koma a Daka anali atasiya kulankhula. Kunja kusanache anamwalira m'chipatalamo.

Mvula ya kumtunda ija sinagwe monga inkaopsezera. Madzi anaima pomwe anafika, m'mawa mwake n'kuyamba kuphwa. Chulu chija sichinamire. Nkhalamba ina imene inakana kukwera boti inapezeka ili bwinobwino, ikudandaula za nkhuku zake. Sisitere wa kuchipatala atafunsidwa ngati kufika msanga kukanawapulumutsa a Daka, anati sangadziwe: mwina inde, mwina ayi. A Nambewe anatenga inde. Anatsala ndi ana awiri aang'ono ndi munda wa mapira, ndipo kuyambira pamenepo mlongo wawo anakhala ngati kulibe.

A Natembo sankatha kukhala ndi chidani m'banja osachitapo kanthu. Anayamba kuuza abale kuti a Daka eniake ananong'oneza mlamu wawo pagombe paja kuti tengani ana, za ine musadandaule. Nkhaniyo inafala, ana anakula akuikhulupirira, ngakhale ine ndinayamba kuimva motero. Chimene ndinkaona ndi choti ikamanenedwa a Mbewe alipo, ankadzuka n'kupita kukayang'ana khola la ng'ombe.

Chaka chathachi, nyengo yozizira itangotha, miyendo yawo inayamba kutupa. Adokotala anati mtima watopa, anapereka mankhwala, tinabwera nawo kunyumba. A Natembo anatumiza uthenga kuchigwa pafoni ya mdzukulu, osayembekezera kanthu. Tsiku lina masana njinga yamoto inaima pabwalo, panatsika mayi wokalamba, woonda, atanyamula kachikwama kamodzi. Anapereka moni kwa a Natembo n'kulowa molunjika kuchipinda. Ine ndinali nditagwada pakhomo ndi mbale ya phala la odwala. Palibe amene anandiuza kuti ndichoke, choncho ndinakhala pomwepo.

"Mwabwera, a Nambewe," anatero a Mbewe.

"Ndabwera. Ndamva kuti miyendo yatupa."

"Yatupa."

A Nambewe anakhala pansi pafupi ndi bedi, atatambasula miyendo, akuyang'ana khoma.

"Ndili ndi funso limodzi, achimwene. Alamu angawa akhala akuuza anthu kuti bambo a ana anga anakuuzani kuti mutenge ana aja. Ine ndinali pomwepo, sindinamve. Koma kunali mphepo, anthu ankakuwa. Mwina ananena ine nditatembenuka. Ananena?"

A Natembo anali ataima kumiyendo kwa bedi. Anayang'ana amuna awo ndi maso opempha, mpaka kugwedeza mutu pang'ono. A Mbewe anawaona.

"Sananene," anatero.

"Palibe chimene ananena?"

"Anati, alamu, mwendo ukutentha. Basi. Zotenga ana zinali zanga ndekha."

"Mukanakhala kuti muli pamenepo lero?"

A Mbewe anapuma kaye, poti mpweya unkawavuta.

"Ndikanasintha pulopela ndisanakweze munthu. Ndinkadziwa kuti ija siingathe, ndinayesa chifukwa chokuoperani inu. Nthawi imene inatayika pamenepo ndi mlandu wanga. Koma ana aja ndikanawatengabe."

A Nambewe sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Ehe." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, phalalo lizizira. Bweretsani kuno."

Anawamwetsa okha. Anakhala pakhomopa mpaka tsiku lomaliza, akugona pamphasa m'chipinda chochezera, akuchapa zofunda za odwala osalola wina kuzigwira. Mawu oti ndakukhululukirani sindinawamve, ndipo sindikudziwa ngati ananenedwa. Zimene ndinkamva ndikamadutsa pawindo zinali za kale: mudzi wa amayi awo, ng'ombe ina yonyanyala imene inali ndi dzina, mphunzitsi amene ankamenya ndi lula. A Mbewe akalakwitsa dzina la munthu, a Nambewe ankawakonza mwaukali, iwo n'kuumirira kuti anena bwino. A Natembo nkhani yawo ija sanaibwerezenso kwa munthu.

Pa maliro kunabwera anthu a kuchigwa amene sitinkawadziwa. Mmodzi anali mayi wa msinkhu wa amuna anga, mphunzitsi, amene anati anali mmodzi wa ana a m'boti lija. Sankakumbukira zambiri. Ankakumbukira kuzizira, ndi mutu wa munthu uli pamwamba pa madzi kumbuyo kwa boti, ukugogoda chinthu. Anati kwawo nkhaniyi amaisimba ngati ya tsiku limene anathawa madzi amene sanabwere, ndipo ena amaseka. Iye sankadziwa kuti usiku wa tsikulo kunafa munthu. A Nambewe anali pamphasa yomweyo akumva. Anamusunthira malo kuti akhale bwino.

Titatha za chiliza mwezi watha, ine ndi amuna anga tinaperekeza a Nambewe, amene anabwera ku mwambowo, kwawo. Kunali koyamba kuti ndione chigwa. Msewu tsopano anauthira miyala, ndipo mishoni ija inaleka kalekale kusunga boti. Tisanafike pamudzi, a Nambewe anauza dalaivala kuti aime, n'kutitsogolera wapansi kanjira kodutsa m'tchire, kuseri kwa chipatala.

Luangwa ndi mtsinje wosakhazikika. Umadya gombe lina n'kusiya mchenga kwina, ndipo pa zaka zimenezi unasamukira kutali, moti pamene tinaima tinkangoona mzere wa mitengo yobiriwira chakumadzulo. Pamene panali dooko tsopano pali munda wa mapira wa munthu wina, mapesi atauma, ndi maungu angapo otsalira. M'mbali mwake muli kanyumba ka njerwa kosungiramo petulo, kopanda denga, mavu atamanga pamwamba pa khomo. Patsogolo pake pali chitsulo cha njanji chozikidwa mu simenti, chopendekeka, chokhala ndi mkwasa wosalala pamene chingwe chinkadya. Mwini munda amamangirirapo mbuzi. Kuchokera pachitsulopo pali masitepe a njerwa otsikira pansi, ena ogumuka, amene amakathera pamchenga wouma.

Amuna anga anavula chipewa, osadziwa koyang'ana. A Nambewe anatsika masitepe aja limodzilimodzi, atagwira chitenje, mpaka pamchenga. Anayenda pang'ono n'kuima pamene kale pankayandama kumbuyo kwa boti.

"Achimwene ankafikira apa," anatero.

Kunalibe mphepo. Mchenga unali wotentha, ndipo iwo anali opanda nsapato. Sanakhalitse.